Musanagule nyumba ku Florida, funsani kaye za madzi

Abale anga amene mumandiimbira foni kuti mukafika ku America mudzagula nyumba m'mbali mwa nyanja, tamvani izi.

Namondwe Ian atawomba mzinda wa Fort Myers ku Florida pa 28 Seputembala 2022, madzi a m'nyanja analowa m'nyumba mwathu kufika m'chiuno. Inshulansi ya nyumba tinali nayo, timalipira osaphonya. Wa kukampani anabwera, anayang'ana denga, anayang'ana mzere wa matope pakhoma, n'kutiuza kuti denga lasasuka ndi mphepo ndiye alipira, koma zonse za pansi pa mzerewo n'za madzi, si zawo. Pa dengaponso anayamba achotsa 5 peresenti ya mtengo wa nyumba yonse, osati wa zowonongekazo. Nyumba ikakhala ya $200,000, ndiye kuti $10,000 yoyamba ituluka m'thumba mwanu. Zinalembedwa ndithu, koma wotigulitsa inshulansiyo tsamba limenelo sanatiwerengere.

Madzi osefukira ali ndi inshulansi yakeyake, ya boma, yotchedwa NFIP. Ife tinali nayo chifukwa banki inatikakamiza, poti dera lathu lili pa mapu a malo osefukira. Pa nyumba malire ake ndi $250,000. Katundu wa m'nyumba mumagulira inshulansi yake padera, malire $100,000, ndipo sofa yakale amakulipirani mtengo wa sofa yakale. Lendi ya kumene mukugona podikira kukonza, iwalani. Musamatinso mudzagula mukamva pa wailesi kuti namondwe wayandikira, imayamba kugwira ntchito pakapita masiku 30.

Chimene chinatifoola nkhongono ndi lamulo la 50 peresenti. M'dera losefukira ngati lathu, mtengo wokonzera ukafika theka la mtengo wa nyumbayo, osawerengera malo, simuloledwa kungoikonza mmene inalili. Muyenera kuikweza pa mizati kufika pa mlingo wa madzi umene uli pa mapu, apo ayi muigumule n'kumanganso. Chilolezo sakupatsani popanda zimenezo. Anthu okalamba amene anakhala zaka zambiri m'nyumba zapansi anangogulitsa malo n'kuchoka.

Kenako kunabwera makontilakita ngati ntchentche pa mango. Wina, wa galimoto yonyezimira, anati amadziwa kulemba mitengo kuti isafike theka lija. Mnansi wathu anamupatsa $8,000 ya chikole. Anaphwasula makoma a kubafa, foni n'kuzima mpaka lero.

Mayi mmodzi yekha, wogulitsa inshulansi pa kaofesi kakang'ono, ndiye anatiuza zoona osatenga ngakhale senti. Anatisonyeza kuti mu NFIP muli gawo lothandiza kukweza nyumba, lofika $30,000, koma anatinso mosabisa: ndalamayo sikwana, konzekani kuwonjezera zanu. Anatiuzanso kuti tijambule chilichonse tisanataye, tisunge kachidutswa ka kapeti wonyowayo, ndipo pepala la umboni wa zowonongeka lili ndi tsiku lomaliza, kawirikawiri masiku 60.

Inu ochita lendi musaseke. Inshulansi ya alandilodi ndi ya makoma awo, zovala zanu ndi firiji yanu mulibemo.

Tsono mukaona nyumba yotchipa modabwitsa pafupi ndi ngalande, musathamangire kujambula zithunzi za pa Facebook. Funsani kuti ili pa mlingo wanji, madzi analowapo kangati, ndipo inshulansi ziwirizo pamodzi zidzadya zingati pa chaka. Wogulitsa akayamba kuzungulira, nyamukani.