Pulogalamu ya malamulo a mayiko: ndiyothandiza, koma mawu otsogolera yawapeputsa

Ndine mphunzitsi, ndipo pulogalamuyi ndayigwiritsa ntchito pa foni miyezi itatu tsopano pokonzekera maphunziro. Muli malamulo oyendetsera mayiko ambirimbiri. Ukalemba liwu limodzi, monga "ufulu", ndime zonse zomwe muli liwulo zimabwera nthawi yomweyo, ngakhale intaneti palibe. Apa ndilibe dandaulo.

Chimene chandiwawa ndi kamzere kamene anakalemba ndi tizilembo totuwa pansi pa mawu otsogolera, omwe amatsegulira malamulo a dziko lililonse, konena kuti mawuwa ndi malonje chabe, alibe mphamvu kukhoti. Mwana wina m'kalasi mwanga anakawerenga mokweza, n'kufunsa kuti nanga tikuwaphunziriranji. Ndinayamba ndasowa chonena.

Ku America kamzereko kali ndi pogwira. Mu 1905, pa mlandu wa Jacobson wokhudza katemera wa nthomba, khoti lalikulu linati mawu otsogolera sapatsa boma mphamvu iliyonse paokha. Koma kutenga chigamulo cha dziko limodzi n'kuchiveka mayiko onse, ndiye kulakwitsa kumeneko.

Ku France, pa 16 July 1971, Conseil constitutionnel, yomwe imaunika ngati lamulo likugwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko, inakana mbali ya lamulo lomwe likanapatsa akuluakulu a boma mwayi wotchinga bungwe lisanalembetsedwe. Oweruzawo anatsamira pa mawu otsogolera a malamulo a 1958, amene amalozera ku chikalata cha maufulu cha 1789 ndi ku mawu otsogolera a 1946. Ufulu wokhazikitsa mabungwe unapulumukira pa ndime yomwe pulogalamuyi ikuitcha malonje! Ku India khoti lalikulu mu 1960 linanenadi kuti mawuwa si gawo la malamulo, koma mu 1973, pa mlandu wa Kesavananda Bharati womwe unamvedwa ndi oweruza 13, linabweza mawu ake. Mu 1976 nyumba ya malamulo inafika powasintha mawu otsogolerawo. Munthu savutika kusintha chinthu chopanda ntchito.

Ngakhale kumene sungasumire munthu ndi mawu otsogolera okha, woweruza akakumana ndi ndime yomveka pawiri amabwerera kwa iwo kuti aone chimene olemba ankafuna.

Pulogalamuyi ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Eni ake ndawalembera kuti kamzereko akasiyanitse dziko ndi dziko. Pakadali pano, ndikamaonetsa ana foniyo, ndimakatseka ndi chala.