Defender, Bitdefender, Avast kapena Malwarebytes: ikagwira fayilo yosalakwa, ndi iti imabweza?

Anzanga akandifunsa kuti antivirus yamphamvu ndi iti, masiku ano ndimawabwezera funso lina. Pogwira mavayirasi odziwika, mapulogalamu akuluakuluwa sasiyana kwenikweni, ndipo amene amawayesa, monga AV-TEST ya ku Germany ndi AV-Comparatives ya ku Austria, amaonetsa zomwezo. Funso langa ndi lakuti, ikagwira fayilo yanu yabwinobwino n'kuitcha vayirasi, kodi idzakubwezerani?

Zinandionekera, n'chifukwa chake ndimaumirira pamenepa. Ndinali ndi fayilo ya Excel yokhala ndi ma macro (timalamulo tochita ntchito zina patokha m'fayilomo), yomwe ndinaikonza pang'onopang'ono kwa zaka zitatu, mmene ndinkalembamo katundu ndi ngongole za makasitomala. M'mawa wina ndikutsegula foda, fayilo mulibe. Antivirus yolipira imene inabwera ndi laputopu yanga inali itaitsekera mu quarantine usiku. Ndinadina Restore, fayilo inabwerera, koma ndisanaitsegule n'komwe inagwidwanso. Katatu konse zinatero. Mtima utawira ndinachotsa antivirus yonseyo, poganiza kuti ikachoka fayilo itsala. Sindinkadziwa kuti quarantine ndi chipinda cha pulogalamu yomweyo, mmene fayilo imasungidwa itasokonezedwa mwadala kuti isatseguke, ndipo wodziwa kuimasula ndi mwini chipinda yekha. Pulogalamu inachoka pamodzi ndi chipinda chake, osandichenjeza ngakhale ndi mawu amodzi. Kope lina lomwe ndinali nalo pa fulashi linali la miyezi inayi kumbuyo. Zinandipweteka kwambiri patapita milungu ingapo, nditaona kuti andidula ndalama za chaka china pa khadi, chifukwa kuchotsa pulogalamu sikuletsa kulipira kodzichitikira kokha.

Microsoft Defender ndi imene ndimagwiritsa ntchito tsopano, ndipo sindibisa kuti ndimaikondera. Imabwera kale mu Windows 10 ndi 11, ilibe tsiku lothera, choncho quarantine yake simungaitaye mwa njira imene ndinatayira ine. Mukalowa mu Windows Security, kenako Virus & threat protection, kenako Protection history, mupeza chimene yagwira, dzina limene yachipatsa, ndi pamene chinali. Vuto lake ndi lakuti tsamba limeneli limangosunga mbiri ya milungu iwiri, ndipo ambiri akapeza kuti palibe kanthu amataya mtima. Musafulumire kutaya mtima. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lowani mu foda ya Windows Defender, mulembe MpCmdRun.exe -Restore -ListAll, ndipo ikuonetsani zonse zimene zikadali m'chipindamo. Mukalemba -Name ndi dzina limene yachipatsa m'malo mwa -ListAll, n'kuwonjezera -Path, mungathe kubwezera fayilo mu foda ina imene mwaiika kale pa Exclusions (mndandanda wa malo amene Defender siiwafufuza), kuti isagwidwenso pomwepo. Njira imeneyi si yokongola, ndipo munthu wosazolowera amachita nayo mantha, koma ilipo ndipo imagwira ntchito. Nayonso Defender ili ndi mlandu wake. Pa 13 Januwale 2023 lamulo lake lina linafufuta ma shortcut pa Start ndi pa taskbar m'makompyuta a makampani ambiri, ndipo amenewo sanapite ku quarantine, anthu anachita kuwapanganso.

Bitdefender ili ndi chinthu chimodzi chimene ndimachisirira. Ikalandira update imayang'ananso mafayilo ali mu quarantine, ndipo amene apezeka osalakwa imawabwezera yokha pamalo pake. Imathanso kuika exception, chilolezo choti isagwidwenso, pa fayilo imene mwabwezera. Koma mukangoiika, pitani mu settings za quarantine mukaone pamene alemba zofufuta mafayilo opitirira masiku 30. Fayilo imene mumaitsegula kamodzi pa miyezi itatu, monga ya misonkho, ikhoza kugwidwa n'kufufutidwa inu musanadziwe.

Avast ndi AVG ndi chinthu chimodzi m'kati mwake kuyambira pamene Avast inagula AVG mu 2016, choncho ikalakwitsa imodzi yembekezani kuti inzake iteronso. Batani lawo la Restore and add exception ndi lomveka kuposa onse, ndipo likanandipulumutsa tsiku lija. Komabe sindiitchulira mnzanga ndi mtima wonse, chifukwa mu 2024 bungwe la boma la America loteteza ogula la FTC linailamula kulipira madola 16.5 miliyoni pa nkhani yogulitsa mbiri ya masamba amene anthu ankatsegula pa intaneti.

Malwarebytes yaulere siteteza nthawi zonse, imangofufuza mukaiuza. Ambiri amati chimenechi ndi chofooka chake, koma pa nkhani yathuyi ndi chabwino. Ikamaliza imakuonetsani mndandanda, inu n'kuchotsa chizindikiro pa chimene mukuchidziwa isanachigwire. Imakonda kukayikira timapulogalamu tating'ono n'kutitcha PUP, kutanthauza pulogalamu imene mwina simukuifuna, ndiye werengani musanadine.

Kuthamanga kwa kompyuta, VPN ndi zosungira mapasiwedi, zimenezo sindiziwerengera posankha.

Wina angati yolipira yotchuka singalakwitse chonchi. Pa 21 Epulo 2010 update ya McAfee ya nambala 5958 inatcha svchost.exe vayirasi, fayilo imene Windows singayende popanda iyo, ndipo makompyuta ambirimbiri a Windows XP ankangozima n'kuyaka. Mu 2011 antivirus ya Microsoft Security Essentials inkachotsa Google Chrome poiyesa vayirasi yotchedwa Zbot. Mu 2015 Panda inatsekera mafayilo ake omwe. Zimachitika chifukwa antivirus sidalira mndandanda wa mavayirasi odziwika wokha, imaweruzanso potengera maonekedwe ndi zochita za fayilo. Pulogalamu yatsopano, yosasainidwa, imene anthu ochepa ali nayo, kapena macro yolemba m'mafayilo ena ngati yanga ija, imaoneka yokayikitsa. Mukaona dzina lokhala ndi Gen, Heur kapena !ml kumapeto, dziwani kuti yangoganizira.

Izi sizikutanthauza kuti mubwezere chilichonse. Kwezani fayiloyo pa tsamba la pa intaneti la VirusTotal, pamene ma antivirus pafupifupi 70 amaiyang'ana. Akaidandaula awiri okha ndi maina ongoganizira aja, ndipo inu mukudziwa kumene inachokera, mwina ndi yosalakwa. Akafika makumi atatu, isiyeni momwemo. Koma zikalata zachinsinsi musakweze, popeza zimene mwakweza akatswiri ena amatha kuzitsitsa. Ndipo ngati ndi pulogalamu yobedwa yokhala ndi crack (kachida kothyolera layisensi), ine sindikuthandizani kuibwezera.

Fayilo ikakhala kuti yafufutidwiratu, siyani kulemba chilichonse pa disk imeneyo. Yesani Previous Versions ngati File History inali yoyatsa, kenako Recuva, PhotoRec kapena Windows File Recovery, ndipo zopezekazo muzisungire pa fulashi. Pa hard disk yakale ndi pa fulashi mwayi ulipo. Pa SSD, disk yamakono, njira yoyeretsera malo a mafayilo ofufutidwa yotchedwa TRIM imafufutiratu malowo mwamsanga, ndipo laputopu yanga inali ya SSD.

Kwa amene safuna kulipira ndimati akhale ndi Defender, awonjezere Malwarebytes yaulere yofufuzira mwa apo ndi apo. Wofuna yolipira atenge Bitdefender, azimitse za masiku 30 zija tsiku loyamba, azimitsenso kulipira kodzichitikira kokha. Fayilo yanga ya Excel ndinaimanganso kuchokera m'malisiti, inanditengera milungu isanu, ndipo Lachisanu lililonse ndimaikopera pa disk imene ndimaizula ndikangomaliza.