Ndemanga: pepala la Arches la 300 gsm pojambula chifunga ndi mapiri akutali

Ndakhala ndikujambula mapiri, nyanja ndi mitambo ndi penti wa madzi pa pepala la Arches la 300 gsm, la mtundu wa cold pressed, kutanthauza lokhakhala pang'ono pamwamba. Kwa amene mukufuna chifunga, utsi wa m'chilimwe kapena phiri looneka mwachimbuuzi patali, pepala limeneli ndi loyenera ndalama zake. Kudula ndi lodula ndithu, koma pa zojambula za mtundu umenewu chimene chimalamulira zonse ndi pepala. Penti wotchipa pa pepala ili amatuluka bwino kuposa penti wodula pa pepala wamba.

Limapangidwa ku France, m'mudzi wa Arches m'dera la Vosges, pa fakitale imene mbiri yake imayambira mu 1492. Ndi la thonje lokhalokha, ndipo amalilowetsa jelatini, guluu woletsa pepala kumwa penti msanga, mpaka m'kati, osati pamwamba pokha. Nambala ya 300 ndi magalamu amene sikweya mita imodzi ya pepalalo imalemera. Pogula buloko, mpukutu wa mapepala omatidwa pamodzi m'mbali, yang'anani chikuto: chobiriwira ndi cold pressed, cha pinki ndi hot pressed losalala, cha olenji ndi rough lokhakhala kwambiri. Pa chifunga tengani chobiriwira. Losalala lija limauma msanga ndipo limaonetsa paliponse pamene burashi yadutsa, pamene lokhakhala limaswa mizere yaing'ono monga nthambi za mitengo.

Chimene mukulipira kwenikweni ndi nthawi. Pepala lopangidwa ndi mitengo limasunga madzi pamwamba, kenako limauma mwa zigambazigamba, apa ponyowa apo pouma. Thonje limamwa madzi n'kumawabweza pang'onopang'ono, pepala lonse n'kumauma mofanana, ndipo chifunga chimafuna zimenezi chifukwa m'mphepete mwa phiri muyenera kusungunuka popanda mzere. Pepala lonyowa limadutsa magawo atatu, ndipo pa Arches magawowa amaoneka bwino mukaliyang'ana chammbali molozana ndi kuwala. Poyamba limanyezimira, ndipo penti aliyense amene mungaike amafalikira patali. Kenako kunyezimira kumachepa, limangotsala lachinyezi, ndipo penti wokhuthala amakhala pamene mwamuika koma m'mbali mwake muli mofewa. Pomaliza limaoneka louma koma mukaligunda ndi kuseri kwa chala likadali lozizira. Gawo lomalizali musalikhudze ndi burashi ngakhale pang'ono.

Titenge phiri la Mulanje pa nthawi ya chiperoni, mitambo itaphimba pamwamba. Mitundu itatu ikukwana: Ultramarine (buluu), Burnt Sienna (bulawuni wofiirira) ndi Yellow Ochre (wachikasu). Sakanizirani penti wokwanira musananyowetse pepala, m'timbale titatu: kamodzi kamadzimadzi kwambiri, kena kapakati, kena kokhuthala ngati phala la mwana. Ultramarine ndi Burnt Sienna zikasakanizidwa zimapereka mtundu wotuwa. Mukaonjezera buluu umapita kutali, mukaonjezera Burnt Sienna umabwera pafupi. Pendeketsani pang'ono bolodi imene mwaikapo pepala, madigiri pafupifupi 15, nyowetsani pepala lonse ndi burashi yaikulu yaphwatalala, dikirani madzi alowe, kenako nyowetsaninso kachiwiri. Kunyowetsa kachiwiriku ndi kumene kumakupatsani nthawi yokwanira. Pepala likadali kunyezimira ikani Yellow Ochre wochepa kwambiri mmunsi mwa thambo, kenako wotuwa wamadzimadzi kumwamba, n'kusiya malo oyera pamene padutse mtambo. Kunyezimira kukayamba kuchepa lowetsani phiri ndi penti wapakati uja, kuyambira mmunsi kukwera, ndipo musamalize nsonga yake. Isiyeni ilowe mumtambo yokha. Mitengo yapafupi ndi minda ya tiyi zidikire mpaka pepala litaumiratu. Apa Arches amachita chinthu chokongola: timbewu ta Ultramarine timakhazikika m'timaenje ta pepala, thanthwe n'kuoneka lamanyamanya popanda inu kujambula mwala uliwonse.

Kumbukirani kuti penti wa madzi akauma amawala kuposa mmene amaonekera ali wonyowa, ndipo pa pepala lomwa madzi ngati ili kusiyanako n'kwakukulu. Phiri looneka bwino lili lonyowa likauma limakhala lofooka, choncho ikani penti wakuderapo kuposa mmene maso akukuuzirani.

Ngati mukujambula kuchokera pa chithunzi cha pafoni, musachitsatire mmene chilili. Kamera imadetsa mithunzi, imayeretsa thambo mpaka kufufuta mitambo, ndipo imaonetsa mtengo wapafupi ndi phiri lakutali mwakuthwa mofanana. Mukakopera zimenezo chifunga chimatha. Yambani ndi kachithunzi ka pensulo kakang'ono ngati mabokosi awiri a machesi, ka magawo atatu okha: poyera, potuwa, pakuda. Kenako tembenuzani foni, mujambule kuchokera pa kachithunziko ndi zimene mukukumbukira. Lamulo lake silisintha, kaya malowo mwawaona kapena mwangowaganizira: chakutali chikhale chowala, chopendekera ku buluu, chofewa m'mbali, chapafupi chikhale chakuda ndi chakuthwa. Pojambula za m'mutu munthu amasintha maganizo ali m'kati mwa ntchito, ndipo pepala ili limapirira zimenezo. Mungapake magawo anayi kapena asanu, lina pamwamba pa linzake, lapansi osatukuka, bola lililonse liume kaye ndipo burashi idutse kamodzi mopepuka.

Vuto limene limaononga zithunzi zambiri ndi zipsera zooneka ngati maluwa, zoyera pakati zakuda m'mbali. Pepala labwino limazichepetsa koma silizithetsa. Zimabwera burashi ikakhala ndi madzi ambiri kuposa amene ali pa pepala: madziwo amakankha penti amene anali atayamba kukhazikika, n'kukamuunjika m'mphepete. Ndiye nthawi zonse pamene mukuonjezera penti pa malo achinyezi, akhale wokhuthala kuposa woyamba, ndipo gunditsani burashi pa kansalu musanaifikitse pa pepala. Madzi amene adikha mmunsi mwa pepala kapena m'mbali mwa tepi amweni ndi burashi yofinya, apo ayi abwerera m'mwamba pamene pepala likuuma. Chipsera chikayamba, chisiyeni chiume. Kuchikonza chili chonyowa kumangochikulitsa.

Pa kuchotsa penti, musayembekezere zambiri. Pepala likadali lonyowa, tishu wofinyafinya kapena burashi youma zimatulutsa mtambo woyera bwinobwino. Likauma, thonje limakhala litagwira penti, ndipo pamafunika burashi yolimba, madzi oyera ndi kupukuta mobwerezabwereza. Ubwino wake ndi wakuti pamwamba pake sipanyotsoka msanga, pamene mapepala otchipa amayamba kupanga timibulu. Ultramarine ndi Burnt Sienna amachoka ndithu, koma Phthalo Blue (buluu wina) ndi Alizarin Crimson (wofiira) amalowerera, ndipo pamene afika sipayeranso. Ngati mukufuna mzere wowala pa nyanja, uusiyeni woyera kuyambira pachiyambi, kapena mupale ndi nsonga ya lezala chithunzi chitaumiratu. Pepalali ndi lochindikala mokwanira kupirira lezala.

Nyengo ya kwathu kuno imalisintha kwambiri. Mu Okutobala, makamaka kunyanja ndi ku Chigwa cha Shire, ngakhale thonje limauma mofulumira. Njira yake ndi kunyowetsa mbali zonse ziwiri n'kuligoneka pa galasi kapena pa bolodi ya pulasitiki. Limamatirira lokha popanda tepi, ndipo madzi akuseri amalisunga lonyowa nthawi yaitali. Zimitsani fani, jambulani m'mawa. Nthawi ya dzinja vuto limatembenuka: jelatini sagwirizana ndi chinyezi. Pepala losungidwa pamalo onyowa limachita chuku, kapena jelatini amaonongeka, penti n'kumalowa mwa madonthomadontho ngati pa pepala la nyuzi. Lisungeni chogona m'jumbo yotseka bwino, kutali ndi khoma ndi simenti yapansi, ndipo musaligwiregwire pakati chifukwa mafuta a m'zala amakana penti. Likanyowa limatulutsa kafungo ka jelatini. Si kuti laonongeka.

Pakati pa buloko ndi mapepala akuluakulu, ine ndimasankha akuluakulu. Buloko ili ndi mapepala 20 omatidwa mbali zonse zinayi, ndipo ndi yabwino kunyamula popita kukajambula panja. Mukalinyowetsa kwambiri pepala limatukumuka pakati, koma limabwerera likauma. Likauma, kuti mulichotse pa buloko lowetsani mpeni wosathwa pa kampata kamene anasiya m'mbali, muyendetse mozungulira. Pepala lalikulu ndi la masentimita 56 ndi 76, ndipo mukalidula panayi mumapeza a 28 ndi 38, panthawi imodzimodziyo mtengo wa pepala lililonse umatsika. Kuti lisapindike liviikeni m'madzi oyera mphindi 5 mpaka 10, lidonthe, ligonekeni pa bolodi, mumate m'mbali ndi tepi ya pepala imene imamata mukainyowetsa, liume chogona usiku wonse. Mukaliviika nthawi yaitali kapena m'madzi otentha mumatsuka jelatini. Kuseri kwake nako kumajambulika, ndiye chithunzi chimene sichinatuluke bwino musachitaye.

Amene mumajambula ndi cholembera n'kungopaka penti pang'ono pamwamba, pepala ili simukulifuna, lotchipa likukwanirani. Amene mukuyamba kumene kuphunzira kupaka ponyowa, gulani pepala lalikulu limodzi, mulidule pasanu ndi patatu kuti mupeze tizidutswa ta 19 ndi 28, ndipo pa kalikonse muyeserere thambo ndi phiri limodzi lokha mpaka mutazolowera kuona nthawi imene kunyezimira kukuchoka.