Zotenga mafuta a m'mafupa zija, mmene anawapangira mayi anga

Anthu ambiri akamva zoti adokotala akufuna kutenga mafuta a m'mafupa amangoti ndi zochotsa madzi a pamsana zija, mpaka ena kuthawitsa wodwala muwodi. Sizofanana ayi. Mayi anga awapanga zotenga mafuta a m'mafupazi, zomwe pa Chingerezi amati bone marrow biopsy, pachipatala china chachikulu poti magazi amangowathera, kuwaika ena osachedwa atsikanso, ndipo singano sinayandikire n'komwe fupa la msana. Amabaya fupa la m'chiuno chakumbuyoku munthu atagona chammbali.

Pa zaukhondo ndilibe nawo chifukwa. Singano anaimatula m'paketi ife tikuona, magolovesi atsopano, pamalopo anapukuta ndi mankhwala a bulawuni aja a iodine kenako jakisoni wa dzanzi. Asanayambe anayeza kaye ma platelets, tizinthu ta m'magazi tothandiza kuti magazi aziundana, komanso anafunsa ngati akumwa aspirin kapena warfarin, mankhwala ochedwetsa magazi kuundana, chifukwa choopsa chenicheni apa ndi kutaya magazi ndi bala kulowa matenda, ngakhale sizichitikachitika.

Koma tisanamizane, zimapweteka. Dzanzi limagwira khungu ndi pamwamba pa fupa, m'kati silifika, ndiye pokoka mafutawo ndi sirinji mayi anakuwa ndithu, mwamwayi ululu wake ndi wa masekondi ochepa. Kenako amadula kachidutswa ka fupa kotalika pafupifupi masentimita 2, apo amati amangomva kukankha basi. Zonse sizinapitirire mphindi 30. Anesi anali chigwirire dzanja lawo n'kumawauza kuti "amayi pumani pang'onopang'ono, tatsala pang'ono", ineyo zinandikhudza kwambiri.

Pomwe sanandisangalatse ndi pofotokoza. Fomu yovomereza anangoti sainani apa, zoti bandeji isanyowe kwa maola 24 tinachita kufunsa tokha, ndiye gadiyani wamanyazi angadziwe bwanji? Zotsatira nazo zinachedwa heavy. Chifukwa chake chilipo, kafupako amayamba akafewetsa kulabu asanakadule kuti akaone pa maikulosikopu, koma akanangotiuza poyamba sitikanamayenda maulendo achabe n'kumaononga ndalama ya minibasi.

Amene mukupita ndi wodwala wanu, afunseni adokotala pompo ngati kachidutswako katuluka kokwanira, kakachepa kapena kuphwanyika labu imalephera kuwerenga ndipo amabwerezanso. Kunyumba panado anakwanira. Mukaona magazi akudutsa bandeji, pabala patupa kapena thupi latentha bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.