Kompuresa ya ex-Japan ya pa Kaguvi Street ndi yabwino, bola musaigule yokha

Anthu ambiri a kwathu kuno ku Highfield, mu Harare, akhala akundifunsa za kompuresa ya eyakoni, yopopa gasi woziziritsa, yomwe ndinaika mu Toyota Wish yanga, nde ndati ndingolemba kamodzi kuti aliyense awerenge. Mwachidule, ndinagula yogwirapo kale ntchito, ya ex-Japan, kutanthauza yochotsedwa m'galimoto ya ku Japan, pa kashopu kena ka masipeya pa Kaguvi Street, ndinaimanga ndekha pakhomo, ndipo mpaka pano ikuzizira bwino kwambiri. Shopuyo ndingaipatse mamalikisi abwino pa katundu wake, koma pa malangizo omwe amapereka kwa munthu woti akamange yekha, apo pokha ndili nawo mawu.

Galimoto yanga ndi Wish yoyamba ija ya injini ya 1ZZ-FE, 1.8, zomwe anapanga kuyambira 2003 mpaka 2009, nde mukuona kuti ndi nkhalamba ndithu. Eyakoni inayamba kufooka pang'onopang'ono, m'mawa imazizirako koma ukangolowa mu jamu ya pa Simon Mazorodze masana a mwezi wa October imangopemerera mphepo yotentha basi. Ambiri zikatere amathamangira kuti gasi watha, kukathiritsa, pakatha masabata angapo vuto lomwe lija labweranso. Musanatulutse ndalama ya kompuresa yambani mwaona zotchipa. Fyuzi, rile yomwe pa Toyota amailemba kuti MG CLT mu bokosi la mafyuzi pansi pa boneti, komanso ngati klatchi ya kutsogolo kwa kompuresa ikugwira ukayatsa eyakoni, imamveka kuti tcha kenako pakati pake nkuyamba kuzungulira limodzi ndi pule. Ngati gasi watsika kwambiri pali switchi yomwe imaletsa klatchi kugwira, nde munthu amaona ngati kompuresa yafa pomwe ndi kuchucha chabe. Kwa ine klatchi imagwira bwinobwino, gasi analimo, koma titaika mageji oyezera presha ya gasi, singano ya mbali ya presha yotsika inali pamwamba, ya mbali ya presha yokwera ili pansi, zonse ngati zikufuna kukumana pakati. Apo ndiye kuti kompuresa ikuzungulira koma sikupopa, yatha mkati.

Pa Kaguvi mukudziwa mmene pamakhalira. Usanaime nkomwe anyamata akuzungulira kale, wina wagwira chitseko, wina akufunsa kuti chafa ndi chani, aliyense akufuna akutengere ku shopu yomwe iye amadyerako. Ine ndinachotsa kompuresa yakale kunyumba nkuinyamula m'thumba, galimoto ndinaisiya, ndipo ndikulangiza aliyense kuchita chimodzimodzi chifukwa pa Wish pomwepa makompuresa amasiyana, pulagi ya waya, mizere ya pa pule, pomwe mapaipi amalowera, nde kungonena kuti ndikufuna ya Wish sikokwanira. Pamwamba pa kompuresa ya kampani ya Denso pamakhala kapepala ka manambala, mufananitse amenewo.

Mashopu awiri atatu omwe ndinayamba kulowa makompuresa anali atangounjikidwa pansi, mabowo a mapaipi ali pululu, fumbi likulowa mmene likufunira. Amenewo musagule ngakhale akutsitsireni mtengo bwanji. Oyilo wa m'kompuresa, yemwe amati PAG, amayamwa chinyezi cha mumpweya mofulumira, ndipo kompuresa yomwe yakhala yotsegula miyezi kuchokera pomwe anaichotsa ku Japan mkati mwake mwayamba kale kuonongeka. Shopu yomwe ndinagulayo inandikopa ndi kanthu kamodzi komweka, makompuresa awo onse anali pa shelefu, mabowo otseka ndi timapulasitiki, ena omata tepi.

Pa kauntala panali bambo wina wachikulire, tinayamba kulankhula Chishona monga mwa nthawi zonse koma atamva ndikuyankha foni m'Chichewa anangoti, "Aa, achimwene, kodi ndinu a kwathu? Bweretsani kuno tiione." Makolo awo anachokera ku Dedza, iwo anabadwira ku Mufakose. Sikuti anandichotsera mtengo chifukwa cha zimenezo ayi, koma anandipatsa nthawi, ndipo zomwe anachita ndi zomwe ndikufuna aliyense azikakamira kuti amuchitire asanalipire. Anatenga kompuresa nkuiika pa tebulo, anazunguza pule yokha ndi dzanja ali chete kumvetsera beringi, inalibe phokoso ndipo simagwedera. Kenako anatenga mawaya awiri kuchokera ku batire yomwe amasunga pansi pa kauntala, kugunditsa pa pulagi, klatchi nkugwira mwamphamvu kuti tcha. Anachotsa timapulasitiki tija, anandiuza kuti ndiike chala chachikulu pa bowo laling'ono, iwo akuzunguza pakati ndi dzanja, ndipo ndinamva mpweya ukukankha chala, pa bowo linalo ukukoka. Pomaliza anaipendeketsa kuti oyilo adonthere pa kapepala koyera. Anali wachikasu pang'ono, woyera, wopanda tizitsulo tonyezimira. "Achimwene, akatuluka wakuda kapena wotuwa muziisiya pomwepo," anatero. Zonsezi sizinatenge nthawi koma ndinatuluka mtima uli m'malo.

Mtengo unali wosafika theka la yatsopano ya Denso, ndipo amafuna ma USD a pamanja, za ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, anachita kukwinya nkhope. Zatsopano zotchipa zopanda dzina zinalipo pa mtengo woyandikira, koma ine ndinaona kuti bola Denso yeniyeni yogwirapo ntchito kusiyana ndi yonyezimira yomwe sukudziwa anaipanga ndani.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse. Choyamba galanti yawo ndi ya masiku ochepa kwambiri, amangolemba ndi bolopeni kuseri kwa lisiti, nde ngati mulibe mageji ndi pampu yokoka mpweya m'mapaipi pafupi masikuwo atha musanaiyese nkomwe, konzekerani zonse kaye kenako mukagule. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chomwe chikundipweteka, draya analibe ndipo palibe ananditchulira kuti ndiyofunika, nditafunsa mnyamata wina wa momwemo anati yakale yomweyo ikhoza. Sizoona zimenezo. Draya ndi yomwe imasunga chinyezi kuti chisazungulire m'mapaipi, ikakhuta yakhuta, ndipo nthawi iliyonse yomwe mwatsegula mapaipi kusintha kompuresa iyenera kusinthidwa. Pa ma Toyota ambiri ndi kathumba kakatali komwe kamalowa m'chubu cha m'mbali mwa kondensa, chonga rediyeta chija cha eyakoni kutsogolo kwa galimoto, mumamasula kachivindikiro nkukasolola. Ndi kotchipa poyerekeza ndi kompuresa, nde kugulitsa munthu kompuresa osamuuza zimenezi ndi kumukonzera ulendo wina wodzagulanso. Ndinakapeza pa shopu ina ya zamafiriji ndi maeyakoni. Ma O-ring, timphira tozungulira totseka polumikiza mapaipi, nawonso anafuna kundipatsa akuda wamba a m'bokosi la zosakaniza, ndinakana nkukagula obiriwira aja omwe anapangidwira gasi ndi oyilo wa eyakoni.

Chachitatu ndi nkhani ya kuthira gasi. Ali ndi mnyamata wawo panja yemwe amathira pamsewu pomwepo, silinda, paipi imodzi, kuthira mpaka agwire paipi nkumva kuti yazizira. Palibe pampu yokoka mpweya, palibe sikelo. Ndinamuona akuchita zimenezi pa Honda Fit ya mayi wina ndipo zinandimvetsa chisoni, chifukwa mayiyo achoka akusangalala koma m'mapaipi mwatsala mpweya wamba ndi chinyezi, presha idzakwera, ndipo kompuresa yomwe wangogula ikutha msanga.

Kumanga kwenikweniko sikovuta kwa munthu yemwe amagwirako sipanala. Gasi wakale musangomutulutsira kumwamba, gasi ameneyu, wotchedwa R134a, amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide maulendo 1,430, komanso akakuthirani m'maso kapena pakhungu amaotcha ndi kuzizira, nde pitani kaye kwa amene ali ndi makina akamukoke. Mukabwera kunyumba chotsani waya wa batire, kwezani galimoto nkuikhazika pa zochirikiza zolimba osati pa jeke yokha, chotsani tayala la kumanja kutsogolo ndi pulasitiki ya pansi. Pa 1ZZ lamba ndi mmodzi yekha wozungulira zonse, jambulani kaye ndi foni mmene wadutsira, kenako sipanala 19 pa tenshena, yomwe imakunga lamba, nkukankha pang'onopang'ono, lamba amamasuka. Chotsani pulagi, mapaipi awiri aja nkuwatseka msanga ndi pulasitiki yoyera, kenako mabawuti ogwira kompuresa, imatulukira pansi.

Pomwe pakufunika kudekha ndi pa oyilo. Khuthulani wa m'kompuresa yakale mu kapu yoyezera, muzizunguza pakati kuti atuluke yense, muone kuti ndi wochuluka bwanji komanso ndi wamtundu wanji. Wanga anali woyera ndithu, nde ndinadziwa kuti kompuresa inangotha mphamvu, sinaphwanyike mkati. Akatuluka wakuda wa tizitsulo, dziwani kuti zinyalalazo zafika kale mu kondensa ndi mu expansion valve, kavavu kotsitsa presha ya gasi, ndipo makondensa a masiku ano ali ndi timipata ting'onoting'ono moti kutsuka sikuthandiza, pafunika kugula ina, apo ayi kompuresa yanu yatsopano idya zinyalala zomwezo. Kenako khuthulaninso oyilo yense wa m'kompuresa yomwe mwagula, muthiremo watsopano wofanana ndi yemwe anatuluka m'yakale, nkuonjezera pang'ono chifukwa cha draya. Toyota pa R134a amafuna ND-Oil 8, yemwe m'mashopu mumupeza ngati PAG 46. Oyilo akachuluka eyakoni sizizira bwino, akachepa kompuresa imapsa. Ma O-ring atsopano muwapake kaoyilo komweko musanamange, ndipo mukamaliza zunguzani pakati pa kompuresa ndi dzanja kakhumi kapena kuposa kuti oyilo afalikire musanalize injini.

Mageji, pampu ndi sikelo ndinabwereka kwa m'bale wina wa ku tchalitchi kwathu yemwe amakonza mafiriji, anabweranso yekha kudzaona. Sankhani nthawi yoti magetsi alipo, chifukwa pampu iyenera kukoka mosalekeza kwa mphindi 30 mpaka 45, magetsi akathima pakati ndi kuyambiranso. Apa pali chinthu chomwe chimasokoneza anthu ambiri kuno. Mavidiyo a pa YouTube amati singano ifike pa 29 kapena 30 inHg, muyeso wa kukoka mpweya pa geji, koma amenewo ali kufupi ndi nyanja. Harare ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,500, mpweya wa kuno ndi wopepuka, nde geji imaima cha pa 25 ngakhale pampu ili yabwino bwanji. Musataye nthawi kufunafuna pomwe pakuchucha chifukwa cha zimenezo. Chofunika ndi chakuti mukatseka mavavu nkuzimitsa pampu, singano ikhale pomwepo osabwerera kwa theka la ola. Ikabwerera ndiye pali pochucha, nthawi zambiri ndi O-ring yomwe yapanika molakwika.

Gasi amathira poyeza kulemera, osati poyang'ana singano kapena kugwira paipi. Pansi pa boneti pali kapepala kolembedwa mtundu wa gasi ndi magalamu ake, silinda pa sikelo, muthire omwewo basi kudzera mbali yotsika, vavu ya mbali yokwera ikhale yotseka injini ikamalira. Gasiyo mugule kwa ogulitsa zamafiriji odziwika, chifukwa wachinyengo wolembedwa R134a koma mkati muli zosakaniza alipo pa msika, wina ndi woyaka moto ndipo wina amadya aluminiyamu.

Titamaliza tinaika themomita pa venti ya pakati, mawindo otseka, masana dzuwa lili pamutu, inatsika mpaka cha pa madigiri 8 ndipo klatchi imagwira nkusiya mwa dongosolo lake. Phokoso palibe, injini sikugwedezeka eyakoni ikalowa, ndipo mu jamu ya madzulo pa Rotten Row ikuzizirabe chimodzimodzi, bola fani ya kutsogolo ikhale ikuzungulira, imeneyo muzionanso chifukwa ikafa presha imakwera galimoto ikaima. Kondensa ndinaitsukanso kunja ndi madzi a paipi mofatsa, munali fumbi ndi tizilombo tambiri.

Nde kwa amene ali ndi Wish, Corolla, Fit ndi zina za mtundu umenewu, pitani pa Kaguvi ndi kompuresa yanu yakale m'manja, funani shopu yomwe amatseka mabowo ndipo akulolani kuyesa pa batire ndi kuona oyilo musanalipire. Ndibwereranso kwa bambo aja ndikafuna sipeya ina, ndipo ndinawauza maso ndi maso kuti aziika draya ndi ma O-ring obiriwira pa shelefu yomweyo. Koma a Toyota Aqua ndi Prius zonse ndalembazi si zanu, kompuresa yanu ndi yamagetsi amphamvu kwambiri, mawaya ake ndi a olenji aja, imafuna oyilo wina wa ND-Oil 11, ndipo PAG akangolowamo ngakhale pang'ono kudzera m'mapaipi a mageji obwereka amaononga zotchinga magetsi mkati. Imeneyo musaigwire pakhomo, pitani nayo kwa amene amakonza ma hybrid.