Kapitawo amene ndinamulemba ntchito Lachiwiri

Amayi, amalume ndi nonse kwathu ku Ntchisi, ine ndili bwino kuno ku Blantyre. Ndamva kuti mukumauza anthu kuti ndimakonza mafoni m'tauni. Ayi ndithu. Lekani ndikusimbireni ntchito imodzi imene inanditulutsa thukuta Lachiwiri lapitali, mudziwe chomwe ndimalawirira kukalimbirana minibasi ku Ndirande.

Pa ofesi pathu, cha ku Ginnery Corner, tilipo anayi olemba mapulogalamu a pakompyuta. Aliyense amalemba chigawo chake, ngati amisiri omanga nyumba imodzi, uyu khoma ili, uyo khoma lija. Pokumanitsa makomawo mpamene pamabuka mkangano, aliyense kukana kuti wakhotetsa si iye. Abwana atatopa nazo anandilozera kompyuta yakale yokhala ndi Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, amvekere, "Iwe, tiikire Jenkins umu."

Jenkins ndi pulogalamu yaulere, ndipo ntchito yake ndi ya ukapitawo. Munthu akangotumiza zomwe walemba ku Git, nkhokwe yosungiramo zolemba zathu tonse, Jenkins imazitola, n'kuziphatikiza ndi za anzake, n'kuziyesa, ndipo pakagwa imaulula mosayang'ana nkhope. Anaiyambitsa ndi Kohsuke Kawaguchi wa ku Japan ali pa ntchito ku Sun Microsystems. Poyamba inkatchedwa Hudson, dzina la Jenkins linabwera mu 2011. Chithunzi chake ndi kabambo kovala jekete, kansalu kali pamkono, ngati woperekera zakudya kuhotela.

Kuiika sikunavute. Ndinauza kompyuta malo a pa intaneti okaitenga, n'kulemba lamulo lakuti sudo apt install jenkins, basi. Koma poidzutsa ndi sudo systemctl start jenkins, zii! Pofufuza ndinapeza kuti Jenkins amayendera pulogalamu ina yotchedwa Java, ndipo m'kompyutamo munali Java 11, yomwe Jenkins wamakono saifunanso. Ndinaika Java 21. Yakanabe. Apa mtima unayamba kugunda, poti abwana anali atadutsa kawiri kumbuyo kwanga osayankhula kanthu.

Vuto linali chitseko. Jenkins amalandirira alendo pa khomo la m'kompyuta lotchedwa port 8080, koma amene ankagwiritsa ntchito kompyutayo kale anasiyamo pulogalamu ina yotchedwa Tomcat itakhala pakhomo lomwelo. Awiri sangalowere khomo limodzi. Ndinalemba sudo systemctl edit jenkins, n'kumusamutsira pa 8081, ndipo nditatsegula pa laputopu yanga, kabambo kaja kanatulukira.

Koma sikakulowetsa ulele. Kamafuna pasiwedi yobisika mu /var/lib/jenkins/secrets/initialAdminPassword, ya zilembo ndi manambala 32. Poti ndinkawerenga pa kompyuta ina n'kumalemba pa ina, ndinaphonya kawiri konse. Amalume, paja munkandinena kuti ndimafulumira ngati mbuzi yoona mpata, sizinathe.

Nditalowa ndinadina kuti mapulagini ofunika, zigawo zoonjezera za Jenkins, adzitsike okha. Ali pakati, magetsi thii! Tinadikira jenereta, ine ndikudya chimanga chootcha cha pamsewu, ndipo ntchito inathera cha m'ma 5 koloko.

Kenako tonse anayi tinaunjikana pa sikirini kuti tione kuyesa koyamba. Kapitawo anatola zathu zonse, anapukusa kwa mphindi ziwiri, n'kuonetsa chizindikiro chofiira. Titatsegula kuti tione wolakwa, panali dzina langa. Mnzanga wa ku Thyolo anaseka mpaka misozi, amvekere, "Aise, wayamba ndi amene wamulemba ntchito!"

Shuga ndi sopo ndipatsira pakutha pa mwezi. Mundiperekere moni kwa agogo.