Stardew Valley pa foni: gemu yaulimi imene salemera nayo wongolimbikira

Ndinagula Stardew Valley pa foni yanga ya Android chifukwa ndimafuna gemu yosadya bandulo. Pamenepo sinandigwiritse mwala. Umalipira kamodzi, pafupifupi madola 5, ndipo ikangolowa m'foni umasewera popanda intaneti, popandanso zotsatsa malonda zongotulukira pakati pa masewero. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Anaipanga ndi munthu mmodzi, Eric Barone wa ku America, ndipo zithunzi ndi nyimbo zomwe ndi zakenso. Inatuluka pa kompyuta mu 2016, ya Android inabwera mu 2019. Nkhani yake njosavuta: watopa ndi ntchito ya mu ofesi, wapita kukakhala pamunda umene anakusiyira agogo ako pafupi ndi Pelican Town, munda woti wasanduka thengo. Uli ndi khasu, nkhwangwa, keni yothirira ndi mbewu 15 za parsnip (ndiwo yamuzu yonga karoti) zimene akupatsa a meya.

Mtima wa gemuyi uli pa kamzere ka mphamvu kamene kali pakona. Umayamba ndi 270, ndipo kugaula, kudula mtengo, kuswa mwala, kuthirira, zonse zimadya pomwepo. Tsiku limayamba 6 koloko m'mawa. Ikakwana 2 koloko usiku usanalowe m'bulangete umakomoka, n'kudzuka wofooka, mwinanso ndalama zitachepa. Ndiye wakhama amene wabzala munda wonse sabata yoyamba amapezeka kuti m'mawa wonse wathera pa keni, phando limodzi limodzi, pofika masana mphamvu zatha. Kumgodi sapita, kunyanja sapita, ndipo mawa zomwezo. Palibe amene amamudzudzula m'gemumo, amangomusiya atope.

Njira yotulukira ili kumgodi. Ukakumba mkuwa, chitsulo ndi golide n'kusungunula, umapanga sprinkler, kachipangizo kowaza madzi kokha m'mawa uliwonse iwe usanadzuke. Koyamba kamathirira mapando anayi okha, ndipo kwa ine n'kungotaya chitsulo. Dikirani mufike pa levulo 6 ya ulimi mupange kachiwiri kothirira mapando 8. Kopangidwa ndi iridium, chitsulo chosowa cha kumgodi, ka pa levulo 9, kamafika 24. Koma taonani msampha wake: kuti ufike kumgodi uyenera kubzala pang'ono, kulolera kukolola zochepa nyengo ino kuti ikubwerayo manja amasuke. Amene anathirirapo dimba m'chilimwe ndi makeni awiri, mnzake pafupi akupalasa thiledo pampu, akudziwa kupweteka kwa chisankho chimenechi.

Kanthu kena kamene ndimakakonda ndi ka Clint wosula zitsulo. Ukamupatsa keni yako kuti ayikonze izithirira mapando angapo nthawi imodzi, amakhala nayo masiku awiri. Ukapereka mwachisawawa, mbewu zikhala osamwa madzi ndipo sizikula. Wochenjera amayamba wayatsa TV ya m'nyumba, n'kumva zanyengo. Akati mawa kugwa mvula, amathirira lero, n'kupita nayo keni kwa Clint masana omwewo. Mvula imagwira ntchito ya mawa, mkuja keni yabwerera. Palibe mphamvu yowonjezera imene wagwiritsa ntchito, wangoyang'ana TV.

Kalendala nayo ili ndi mano. Nyengo iliyonse ndi masiku 28, ndipo ikasintha mbewu zambiri zimauma pomwepo, kaya zinatsala tsiku limodzi kuti zikhwime. Umaphunzira kuwerenga chobwerera m'mbuyo usanagule mbewu. Umaphunziranso kuti blueberry, mtundu wa zipatso umene umabereka mobwerezabwereza osabzalanso, umaposa mbewu yokolola kamodzi, ndiponso kuti kugulitsa zipatso zosaphika n'kudzibera wekha: ukaziika mumgolo zimasanduka vinyo wogula katatu mtengo wa chipatsocho. Mwana wa mchemwali wanga, wa Fomu 2, anafika potenga pepala n'kumawerengera phindu la mbewu iliyonse, munthu woti masamu a kusukulu amawathawa.

Zondinyansa zilipo. Kuwedza nsomba ndi chala pa sikirini n'kovuta kwambiri poyamba, ndipo ambiri amagwa mphwayi pamenepo. Zilembo n'zazing'ono pa foni yaing'ono, Chichewa mulibe, ndiye mwana wosadziwa bwino Chingerezi amafuna wina pambali. Gemuyi siifotokozanso zambiri. Za akhwangwala umazidziwa atadya kale mbewu, pamenepo m'pamene umapanga chidole chowaopseza. Sitolo ya Pierre, yogulitsa mbewu, imatseka Lachitatu, ndipo imaoneka ngati imadikira tsiku limene mbewu zakuthera. Kugula kwenikweniko kumafunanso khadi la ku banki lotha kulipira kunja, zimene si aliyense ali nalo kuno.

Sindinganene kuti ikusandutsani katswiri wa bizinezi. M'gemumo mitengo ya mbewu siyikwera, feteleza amapezeka, mavenda kulibe, ndipo kulakwitsa sikugonetsa munthu ndi njala. Okonda zowombana ndi mpira adzaona ngati ikuchedwa. Koma ngati mukufuna yoti muziseweretsa mutu, gulani, ndipo chaka choyamba musabzale kuposa mapando amene mungathirire mphamvu zisanafike theka.